Maalamu a utsi olumikizana, a batire la zaka 10: kodi ndi oyenera kugula Khirisimasi isanafike?

Kumayiko komwe Khirisimasi imagwa m'nyengo yachisanu, mwezi wa Disembala umaunjika m'nyumba imodzi pafupifupi chilichonse choyambitsa moto. Hita ikuyaka mpaka mbandakucha, pabalaza paima mtengo wa paini womwe ukuuma tsiku ndi tsiku, timagetsi tokongoletsera tazengedwa m'nthambi zake, makandulo ali patebulo, kukhitchini mapoto anayi ali pamoto nthawi imodzi. Mawindo atsekedwa ndithu chifukwa cha kuzizira, ndipo m'zipinda mwagona alendo osadziwa komwe kumakhala kiyi wa chitseko chakumaso. Chomwe tikuunika pano ndi seti ya maalamu olankhulana popanda mawaya, yomwe makampani angapo amagulitsa m'bokosi limodzi: maalamu atatu a utsi, imodzi ya kutentha yoika kukhitchini, ndi imodzi ya mpweya wa poizoni wa carbon monoxide. Iliyonse ili ndi batire la lithium lomatiridwa mkati, loti lisasinthidwe mpaka alamuyo idzathe ntchito.

Tinene msanga maganizo athu: seti imeneyi ndi yoyenera kugula, ndipo imaposa kutali maalamu akale a batire lochotseka omwe iliyonse imalira payokha. Kukoma kwake kwenikweni n'kwakuti siipatsa mwini nyumba chifukwa choichotsera pasiling'i. Zofooka ili nazo, ziwiri mwa izo ndi zazikulu, ndipo tizifotokoza.

Mukatsegula alamu ya utsi ya mtundu wa photoelectric, womwe ndi wa m'seti imeneyi, mumapezamo kachipinda kakuda kapulasitiki, kozungulira, kokutidwa ndi kaukonde kothina kotchinga tizilombo. M'mbali mwake muli timipata tokhotakhota tomwe timalola mpweya kulowa koma kuwala kwa kunja ayi. Mkatimo muli kanyali ka LED komwe kamathwanima pakapita masekondi angapo, ndi kasensa koona kuwala komwe kanaikidwa mopendeka kuti kasamayang'anizane ndi kanyaliko. Mpweya ukakhala woyera, kasensako sikaona kanthu. Utsi ukalowa, timadontho take timamwaza kuwala kuja, kwina n'kugwera pakasensa, alamu n'kulira. Ndiye chifukwa chake fumbi, nthunzi ndi kangaude zimathanso kuiliza: kwa kasensako chilichonse chomwaza kuwala ndi utsi basi.

Mtundu wakale, wa ionisation, umagwiritsa ntchito kachidutswa kakang'ono kwambiri ka chitsulo chotulutsa cheza chotchedwa americium-241, ndipo umamva msanga timadontho tosaoneka ndi maso tomwe timachokera ku moto wa malawi. Vuto lake n'lakuti timadontho ngati tomweto timatulukanso chakudya chikangopserera pang'ono, choncho alamu yotere imalira kawirikawiri popanda ngozi. Komanso imachedwa pa moto wonyeka mwakachetechete, ndipo moto wambiri wa m'nyengo yozizira umayamba choncho: waya wotentha pansi pa kapeti, bulangeti lotsamira pahita, ndudu yogwera mumpata wa sofa. Moto wotere umafuka utsi wochindikala kwa nthawi yaitali malawi asanaoneke, ndipo apa photoelectric ndiyo imatsogola. Pa moto wobuka ndi malawi nthawi yomweyo, monga wa mtengo wouma, photoelectric imatha kutsalira pang'ono. Kusiyanako n'kochepa poyerekeza ndi kuchedwa kwa ionisation pa moto wonyeka, ndipo ife tikuona kuti n'kololeka. Ku America muyezo wa maalamu a utsi wotchedwa UL 217, wa bungwe la UL loyesa chitetezo cha zipangizo, unakhwimitsidwa, moti kuyambira mu 2024 alamu yatsopano iyenera kumva utsi wa siponji ya m'mipando, ikamanyeka komanso ikamayaka, koma osalira chisawawa ndi utsi wa kuphika.

Nkhani ya kulira chisawawa si yaing'ono. Pa 5 Januwale 2022 moto unapha anthu 12 m'nyumba ina mumzinda wa Philadelphia ku America, ambiri mwa iwo ana. Unayambira pamtengo wa Khirisimasi. Ofufuza anapeza kuti maalamu m'nyumbamo analimo, koma ena anali m'madilowa, ena opanda mabatire. Bungwe la National Fire Protection Association limanena kuti pafupifupi anthu 3 mwa 5 alionse ofa ndi moto wa m'nyumba ku America amafera m'nyumba zopanda alamu kapena zomwe alamu yake siinagwire ntchito. Munthu sachotsa batire chifukwa chosakonda ana ake. Amachotsa chifukwa alamu yalira kachitatu akukazinga, alendo ali pabalaza, ndipo amati adzabwezera mawa.

Batire lomatiridwa limatseka khomo limeneli. Silingatengedwe kukaika m'chidole chatsopano cha mwana m'mawa wa Khirisimasi, ndipo silichita kaphokoso ka usiku kochenjeza za batire mpaka litayandikira kutha. Amene anakhalapo ndi alamu ya batire la mavoti 9 amakadziwa: kulira kamodzi pa mphindi iliyonse, cha m'ma 3 koloko usiku, n'kusiya dzuwa likatuluka. Chimachititsa ndi kuzizira. Nyumba ikazizira usiku, batire lofooka limatsika mphamvu, alamu n'kuchenjeza. Kukafunda mphamvu imabwererako pang'ono, alamu n'kukhala chete, mwini nyumba n'kuiwala. M'nyengo yachisanu ndi momwe mabatire ambiri amazulidwira pakati pa usiku. Kuipa kwa batire lomatiridwa n'kwakuti likatha mumataya alamu yonse. Komabe alamu ya utsi iliyonse imayenera kusinthidwa pakatha zaka 10 chipangidwire, ndiye palibe chomwe mwaluza. Chofunika n'kutembenuza alamu iliyonse musanalipire n'kuwerenga deti lolembedwa kumbuyo, chifukwa bokosi lomwe lakhala zaka 2 pashelefu zaka zakezo zapita kale.

Kulumikizana ndiko kumasiyanitsa seti imeneyi ndi maalamu ogula imodziimodzi. Muyezo wa EN 14604 wa ku Ulaya, monganso wa ku America, umafuna kuti alamu ilire ndi mphamvu ya madesibo 85 (muyezo wa kukula kwa phokoso) pamtunda wa mamita 3. Mukaima pansi pake phokosolo limalasa m'makutu. Koma ikamalira pabalaza m'munsi, inu muli m'chipinda cham'mwamba, zitseko ziwiri zili chitsekere, mwafunda mpaka kumutu, chimakufikani ndi kaphokoso kakutali komwe munthu wotopa sangadzuke nako. M'seti yolumikizana, ya pabalaza ikamva utsi imatumiza uthenga pa mafunde a wailesi ndipo onse amalira pakangopita masekondi ochepa, kuphatikizapo yomwe ili pakhomo la chipinda chanu. Dziko la Scotland linaona phindu limeneli mpaka kuika lamulo: kuyambira mu Febuluwale 2022 nyumba iliyonse kumeneko iyenera kukhala ndi alamu ya utsi m'chipinda chomwe anthu amakhalamo kwambiri masana, ina m'kolido ya nsanjika iliyonse, ya kutentha kukhitchini, zonse zolumikizana.

Polumikiza, yambirani patebulo musanakwere makwerero. Alamu zambiri zimadzuka mukazipotokolera pachimbale chake chomangira. Kenako mumadina batani lolumikizira pa yoyamba mpaka kanyali kathwanime, n'kudinanso pa zinazo imodziimodzi, motsatira kapepala ka m'bokosi chifukwa kadinidwe kamasiyana kampani ndi kampani. Mukadina batani loyesera pa imodzi, zonse zilire. Mukazimanga m'malo mwake yesaninso, mmodzi akudina, wina ataima pa yakutali kwambiri. Apa ndi pomwe pamaoneka chofooka choyamba chachikulu: mtunda wolembedwa pabokosi ndi wa pabwalo popanda chotchinga. Khoma lochindikala la miyala, silabu ya konkire ya zitsulo mkati, ngakhale galasi lalikulu lodziyang'anira, zimafooketsa mafundewo, ndipo alamu yomwe inayankha patebulo ikhoza kukhala chete ikapita m'chipinda chapansi. Kuisuntha theka la mita nthawi zina kumathetsa vutolo. Dziwaninso kuti maalamu a makampani osiyana samvana, ndiye ngati nyumba ili ndi zipinda zogona zambiri gulani owonjezera a kampani yomweyo tsiku lomwelo. Maalamu atatu a m'bokosi ndi poyambira chabe. Chipinda chilichonse chomwe munthu amagona ndi hita, bulangeti lamagetsi kapena foni yotchaja chimafunika yakeyake.

Malo oika ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa. Utsi wotentha umakwera, n'kuyala pasiling'i kuchokera pakati kupita m'mbali, ndipo m'makona momwe siling'i imakumana ndi khoma mumatsala mpweya wosayenda womwe utsi umachedwa kulowamo. Choncho alamu ikhale chapakati pa siling'i, masentimita osachepera 30 kuchokera kukhoma komanso kuchokera ku nyali yamagetsi. Ngati siling'i ndi yopendeka, ikhale chakumwamba, mosapitirira masentimita 90 kuchokera pansonga, koma osati pansonga penipeni. Italikirane ndi sitovu mamita 3, ndi chitseko cha bafa pafupifupi mita imodzi, apo ayi nthunzi ya madzi osamba izidzakudzutsani m'mawa uliwonse. Pafupi ndi windo, fani kapena kabowo kolowetsa mpweya si pabwino, chifukwa mphepo imakankhira utsi kutali. Ndipo nthawi yokongoletsa nyumba, musapachike nsalu, mabaluni kapena maluwa apepala pa alamu ngakhale ikuoneka ngati pokolowekera pabwino. Chilichonse chotchinga timipata take chimaigonthetsa.

Ya kukhitchini siimva utsi konse. Ili ndi kasensa ka kutentha komwe kamachititsa alamu kulira mpweya wa pasiling'i ukafika cha m'ma digiri 58. N'chifukwa chake siilira mukamawotcha kapena kukazinga, ndipo n'chifukwa chakenso imachedwa: ikamalira ndiye kuti malawi alipo kale. Ndi yabwino kukhitchini ndi mugalaja, komwe alamu ya utsi ikanakhala yosautsa. Musaiike m'kolido kapena kuchipinda poganiza kuti alamu ndi alamu.

Ya carbon monoxide ndi yomwe anthu amaisiya m'bokosi, pomwe m'nyengo yachisanu ndiyo ikufunika kwambiri. Mpweya umenewu ulibe fungo kapena mtundu. Umatuluka gasi, palafini, nkhuni kapena makala zikamayaka popanda mpweya wokwanira, monga chumuni chikatsekeka ndi mwaye kapena chisa cha mbalame, kapena wina akamata timipata tolowetsa mpweya pothawa chisanu. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zomwe mu Disembala aliyense amangoti n'chimfine. Mukaona kuti banja lonse ladwala nthawi imodzi ndipo mukupeza bwino mukatuluka panja, kaikirani mpweyawu. Muyezo wa EN 50291 wa ku Ulaya umafuna kuti pa mlingo wa 50 ppm (magawo 50 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya) alamu ilire pakati pa mphindi 60 ndi 90, pa 100 ppm pakati pa mphindi 10 ndi 40, ndipo pa 300 ppm mphindi 3 zisanathe. Ikhale m'chipinda chomwe muli chotenthetsera choyaka moto, mita imodzi mpaka mamita 3 kuchokera pa chotenthetseracho. Kulira kwake kumasiyana ndi kwa utsi. Pa maalamu ambiri ya utsi imalira katatukatatu, ya carbon monoxide kanayikanayi. Aliyense m'nyumba amve zonse ziwiri pa tsiku loyesa, chifukwa zoyenera kuchita zimasiyana: pa carbon monoxide mumatsegula mawindo ndi zitseko, kuzimitsa chotenthetsera, kutuluka, n'kuitana katswiri musanachiyatsenso.

Chofooka chachiwiri chachikulu ndi liwu lenilenilo. Maalamu ambiri a m'maseti amenewa amalira ndi liwu lakuthwa la cha m'ma 3,000 Hz (Hz ndi muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa liwu). Kafukufuku wa ku yunivesite ya Dundee ku Scotland anasonyeza kuti ana ambiri omwe anayesedwa anagonabe alamu yotere ikulira. Okalamba omwe makutu ayamba kufooka amayamba kutaya mawu akuthwa omwewa, ndipo munthu amene wamwa mowa paphwando amagona tulo tovuta kudzutsa. Nyumba ya pa Khirisimasi imakhala ndi magulu onse atatu. Liwu lotsika la 520 Hz limadzutsa bwino anthu otere, koma maseti ambiri salipereka. Limagulidwa padera, monganso kachida konjenjemera koika pansi pa pilo ka anthu osamva. Pomwe mulibe zimenezi, gwirizanani pasadakhale kuti wamkulu uti akadzutsa mwana uti, ndani akathandiza agogo. Musadalire kuti mwana adzuka yekha.

Tizigamba tomatira tomwe timabwera m'bokosi sitikukhulupirira. Pasiling'i ya penti yofundukuka kapena yokhakhala timagwira miyezi ingapo n'kuleka, makamaka m'chipinda chomwe chimatentha masana n'kuzizira usiku. Boolani timabowo tiwiri, mangani ndi masikuluwu. Batani loyesera lidinidwe kamodzi pamwezi, ndipo ndodo ya tsache imafika popanda kukwera pampando. Koma batanilo limangoyesa batire, zamagetsi zamkati ndi liwu. Silikuuzani ngati utsi ungathe kulowa m'kachipinda kaja. Pa zimenezo pali kachitini kopopera utsi woyesera, ndipo musayese ndi lawi la kandulo chifukwa limasungunula pulasitiki n'kudetsa kasensa. Mukatsitsa makatoni a zokongoletsera omwe akhala chaka chonse m'denga, fumbi limadzaza nyumba, ndiye dutsitsani makina opopa fumbi m'mbali mwa alamu iliyonse. Chinthu chimodzi chomwe tachikonda kwambiri pa maseti abwino ndi batani lofufuzira: onse akamalira, mukadina, amakhala chete kupatula yomwe yamva utsi, ndiye mumadziwa chipinda choyambira. Batani lokhazika chete limaigonetsa kwa mphindi pafupifupi 10 kenako imadzuka yokha. Gwiritsani ntchito limeneli, osati kuizula.

Alamu siizimitsa moto ndipo siiletsa kuti uyambe, choncho seti imeneyi imapindula m'nyumba momwe zina zija zasamalidwa. Mtengo wa Khirisimasi wodulidwa kumene ndi wovuta kuyatsa, koma ukauma umayaka ngati wathiridwa mafuta. Bungwe la boma loona za miyezo ku America, la NIST, linajambula kanema wa mtengo wouma ukukolera moto, ndipo chipinda chonse chinali malawi okhaokha mphindi imodzi isanathe. Pamenepo ngakhale alamu yabwino imakupatsani masekondi chabe. Musanaimike mtengowo, dulani masentimita 5 kutsinde kuti utomoni wouma usatseke njira za madzi. Mtengo umatha kumwa lita imodzi patsiku pa masentimita 2.5 alionse a kunenepa kwa tsinde, moti tsinde la masentimita 7.5 lingafune malita 3, makamaka masiku oyamba. Madzi akatsika kufika pansi pa podulidwa paja, utomoni umamatanso ndipo mtengo umasiya kumwa ngakhale muthirenso. Kokani nthambi pang'ono ndi dzanja: masamba akamathothoka n'kudzaza chikhatho, mtengowo utuluke m'nyumba. Ukhale mita imodzi kutali ndi hita kapena moto, usatseke njira yotulukira, ndipo timagetsi take, makamaka takale totentha kapena ta waya wosupuka, tizimitsidwe pogona.

Hita nayo imafuna mita imodzi yopanda kanthu mbali zonse: makatani, sofa, mapepala okulungira mphatso, zovala zonyowa. Ilowe musoketi ya pakhoma mwachindunji. Hita ya mawati 2,000 pa mavoti 230 imakoka ma ampu pafupifupi 8.7. Ziwiri pa ekisitenshoni imodzi yolembedwa ma ampu 13 zikukoka oposa 17, ndipo fyuzi siduka pomwepo. Waya ndi pulagi zimayamba zatentha, nthawi zambiri kuseri kwa sofa komwe palibe akuona. Ekisitenshoni yokulungidwa pa chiguduli imatentha koposa ngati simunaitambasule yonse. Gwirani pulagi hita ikayaka theka la ola. Ikakhala yotentha moti simungaigwire bwino, kapena pasoketi pakaoneka chikasu ndi kafungo ka pulasitiki, zimitsani, soketiyo ionedwe.

Zotsalazo n'zodziwika koma zimapha chaka ndi chaka. Kandulo ikhale masentimita 30 kutali ndi chilichonse choyaka ndipo izime wotsiriza akamatuluka m'chipinda. Mafuta akakolera moto mupoto, zimitsani sitovu, vindikirani ndi chivindikiro chachitsulo, musiyeni azizire. Madzi musathire, chifukwa lita imodzi imasanduka malita pafupifupi 1,700 a nthunzi yomwe imaponya mafuta oyaka mpaka kusiling'i. Phulusa la pamoto wa nkhuni limasunga makala amoto kwa masiku, choncho lipite m'ndowa yachitsulo yovindikira, panja, kutali ndi khoma. Njinga yamagetsi kapena sikuta ya mphatso isatchajidwe m'kolido yomwe mudzathawire.

Alamu ikalira, nthawi ndi yochepa kuposa momwe ambiri amaganizira. Akatswiri a UL anapeza kuti m'nyumba ya mipando yamakono ya siponji ndi pulasitiki munthu angakhale ndi mphindi 3 zokha zothawira, pomwe zaka makumi angapo zapitazo zinkafika 17. Chitseko chotseka chimaonjezera nthawi imeneyo. Pa 9 Januwale 2022 hita inayambitsa moto m'nyumba yosanja ku Bronx mumzinda wa New York, ndipo anthu 17 anafa ndi utsi womwe unafalikira kudzera pa zitseko zomwe zinatsala zotsegula. Apa seti yolumikizana imathandiza m'njira yomwe maalamu akale sakanatha: mukhoza kutseka chitseko cha pabalaza, cha kukhitchini ndi cha kuchipinda pogona, osaopa kuti simudzamva.

Pogula, yang'anani chizindikiro cha muyezo pa alamu yeniyeniyo osati pabokosi pokha: EN 14604 kapena UL 217 pa ya utsi, EN 50291 kapena UL 2034 pa ya carbon monoxide. Yopanda chizindikiro chotere, dzina la kampani ndi deti, isiyeni ngakhale itchipe bwanji. Maseti ena amatumiza uthenga pafoni kudzera pa intaneti; n'zothandiza ngati mukupita kutchuthi n'kusiya nyumba yokha, koma onetsetsani kuti maalamuwo amalankhulana okha ngakhale intaneti kapena magetsi zitazima. Kumanga seti yonse kumatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo ndi bwino kumanga mtengo usanalowe m'nyumba. Alendo akafika, madzulo oyamba omwewo dinani batani kuti amve kulira kwake, muwaonetse zitseko ziwiri zotulukira, pomwe kiyi amakhala, ndi malo apanja pomwe nonse mudzakumane kuti muwerengane.